Ati Matenda Anatuluka ndi Dzino

Aphungu,

Ndikulemba ndili wokondwa, koma pali kanthu kamene kakundisowetsa mtendere.

Ndine mphunzitsi wamkazi pa sekondale ina kuno ku Phalombe. Achimwene anga a Makina akhala akudwala matenda a m'maganizo kuyambira 1995, ndipo amamwa mapilitsi tsiku lililonse. Mankhwalawa amawathandiza. Amalima nandolo, amakonza njinga, ndipo pa gule wa tchopa ng'oma yaikulu ndi yawo.

Mwezi wa Meyi anasintha. Anasiya kudya ndi kucheza. Ankangokhala kuseri kwa nkhokwe, atagwira mutu, akubuula. Kwathu kwa Kaduya aliyense anati, "Zayambiranso." Amalume a Amosi anafika pogula chingwe choti tiwamange pokwera matola opita kuchipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba.

Ine ndinapitako Loweruka. Ndinawakazingira chimanga chomwe amachikonda kuyambira ubwana. Anaponya njere imodzi m'kamwa, nthawi yomweyo n'kuilavula, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati, "Achimwene, n'chiyani?" Iwo anati, "Ndiwe woyamba kundifunsa, chemwali. Dzino. Sabata zitatu tsopano."

Tinapita nawo kuchipatala china chaching'ono, koma a kumeneko atangotsegula buku lawo la mankhwala anati, "Awa angatilume, pitani nawo kwina." Achimwene anayankha, "Ndikulumeni ndi liti? Lomwe likundiwawali?" Odwala onse pabenchi anaseka, koma sitinathandizidwe.

Tinapita kuchipatala cha mishoni. Wa zamano kumeneko, a Sitima, anawaonetsa zitsulo zonse chimodzichimodzi, n'kuwauza kuti, "Mukafuna ndiime, kwezani dzanja." Dzanjalo silinakwezedwe. Dzino linazulidwa, achimwene n'kulikulunga m'pepala kuti akaonetse kumudzi.

Aphungu, mukanawaona! Patatha masiku anayi anamaliza okha mbale ya chinangwa. Lamlungu anaimba ng'oma mpaka amayi, ngakhale mawondo amawavuta, analowa m'bwalo.

Vuto ndi ili. Amalume atayang'ana bowo lakuda la dzinolo anati, "Kachilombo kankakhala umu n'kamene kankakwera kumutu. Katuluka basi. Mapilitsi aja atayidwe." Amayi agwirizana nazo. Achimwene nawonso akufuna kuwasiya, chifukwa mankhwala amawaumitsa m'kamwa, n'chifukwa chake amayi amawapatsa switi akangomeza pilitsi lililonse.

Mtima wanga ukukana. Koma ku yunivesite ndinaphunzira mbiri yakale, osati zachipatala, ndipo ndikatsegula pakamwa amati, "Asukulu ayamba." Mwina ndine wamantha chabe? Ndine yani kuti ndizimitse chimwemwe chomwe pakhomo pathu tachisowa zaka zonsezi?

F.K., Phalombe


F.K. mwana wanga,

Choyamba, ndikukuombera m'manja. Mudzi wonse unaona matenda akale, iwe unaona munthu akumva kuwawa n'kumufunsa. Za kudzikayikirazo siya.

Tsopano mvetsera. Dzino ndi dzino, matenda a m'maganizo ndi ena. Achimwene ako anadwala ziwiri, chazulidwa n'chimodzi. Zaka zonsezi alima ndi kuimba ng'oma chifukwa cha mapilitsi omwewo. Akawasiya mwadzidzidzi, matenda angathe kubwerera mwamphamvu, ndipo chingwe chija chidzagwira ntchito.

Usakangane ndi amalume pagulu, udzangowaumitsa mtima. Yamba ndi mwini wake. Khala nawo pansi a Makina monga unachitira tsiku la chimanga lija, uwafunse chomwe chimawasautsa pa mankhwala. Kenaka tsiku lokatenga mapilitsi upemphe amalume akuperekezeni ngati mwini mbumba. Funso lawo la kachilombo akalifunse okha kwa adokotala. Zakuuma m'kamwazo mukazinenenso komweko, chifukwa ndi adokotala okha angasinthe mlingo kapena mtundu wa mankhwala.

Amayi uwathokoze, poti maswiti aja amapereka mwachikondi. Koma m'kamwa mouma mukamalowa shuga tsiku ndi tsiku, mano amabooka msanga. Ndikuganiza kuti bowo lija linachokera pamenepo. M'malo mwa switi, kapu ya madzi. Achimwene ako akamapita kumunda asamaiwale botolo la madzi. Azitsuka mano m'mawa ndi pogona. Mswachi wa m'golosale ukasowa, wa mtengo ulipo.

Bwererani kwa a Sitima akaone mano otsalawo asanayambe kuwawa. Pitani m'mamawa mzere usanatalike, buku la mankhwala lili m'manja. Wina akadzawabwezanso chifukwa cha bukulo, upemphe mwaulemu kuonana ndi wamkulu wa chipatalacho. Odwala m'maganizo nawonso ali ndi mano.

Chenjezo langa: mpaka adokotala atanena, pilitsi lisadumphe ngakhale tsiku limodzi. Ndipo achimwene akadzakhalanso chete kuseri kwa nkhokwe, musathamangire chingwe. Yambani mwafunsa pamene pakuwawa.

Dzino lija alisunge ngati akulifuna. Koma kuti ng'oma ija ipitirize kulira, mapilitsi akhale pomwe ali.

Aphungu