Tonde wanu ndi ngamila za alangizi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Nsaru tilipo. Chimanga tinakolola bwino, koma mtedza unavunda pang'ono ndi mvula yomaliza ija. Akazi a mlongo wanga Yohane anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni. Bambo ali bwino, kungoti akamafuna chipewa chawo amayambabe kuitana inu.

Nkhani yomwe ndatengera cholembera ndi ya tonde wanu wakuda uja. Titangomaliza kukolola, mbuzi zazikazi zinayamba kumufuna, iye n'kuiwaliratu kudya. Tsiku lonse kuthamangitsa zinzake, kugundana ndi tonde wa a Nabanda oyandikana nafe, fungo mpaka pamsewu. Pasanathe mwezi nthiti zinayamba kuwerengeka, ndipo tsiku lina anagwa pafupi ndi mjigo n'kulephera kudzuka. Yohane anati timuphe asanafe yekha, mpeni ananola ndithu. Ine ndinakana. Ndinakumbukira mmene munkanenera mutagwada m'khola: "Esinati, mbuzi ikafooka usathamangire mpeni, yamba watsegula chikope uone." Ndinatsegula, Amayi. M'kati munali mbuu ngati ufa.

Ndinaitana alangizi a ziweto, mayi wachitsikana woyenda pa njinga yamoto. Anamukoka magazi pakhosi n'kuthira m'kabotolo. Ine ndinangoti kukamwa yasa, poti sindinkadziwa kuti mbuzi nayo amaiyeza magazi ngati munthu. Atabweranso anati magazi achepa kwambiri. Njoka za m'mimba zinalimo kale, koma chimene chinamugwetsa ndi nyengo yokwera ija, chifukwa ankagwira ntchito osadya.

Ndiye anandiuza zina zomwe mpaka lero sizikuchoka m'mutu. Anati kusukulu anaphunzira za ngamila, kuti yaimuna ikafika nyengo yake imachita chimodzimodzi: imasiya kudya, imatuluka thovu kukamwa, imalusa, imaonda, ndipo akaiyeza amapeza kuti magazi asintha. Ngamila, Amayi! Ife timangoimva abusa akamalalikira, ndipo ine ndinkaiyesa nyama yaulemu, yoyenda mwakachetechete. Ndinafunsa ngati linunda lija limaphwa ikaonda, anati eya, limachepa. Ndinafunsanso kuti nanga chinyama chonsecho amachigwira ndani pochikoka magazi, iwo anangoseka. Kodi kumeneko ziliko? Mukaiona imodzi, muiyang'anitsitse, poti inu nyama simunkaidutsa osaiunguza.

Tonde tinamumwetsa mankhwala a njoka, n'kumutsekera m'khola lakelake. Ndinkamupatsa gaga wothira mchere pang'ono ndi masamba ouma a mtedza. Masiku oyamba ankangolira, maso ali kwa zazikazi, chakudya osachinunkhiza n'komwe. Ndinkamukalipira ngati mmene munkachitira inu: "Idya, iwe, akaziwo sathawa!" Pa sabata yachitatu anayamba kudya, ndipo pano m'chikope mwafiira. Zazikazi zitatu zili ndi bere. Yohane akamadutsa pakhola amayang'ana kumbali.

Koma pali china chomwe chandikhala pamtima. Paja titafika nanu kuchipatala ku Kabudula, adokotala anati mwabwera magazi atatha kale. Miyezi yonse ija munkati ndi kutopa chabe kwa kumunda, ine n'kumavomera. Ndinkakusambitsani, ndinkakupesani tsitsi, nkhope yanu ili pafupi ndi yanga, koma sindinaganizepo zokutsegulani chikope. Ndimadzifunsa kuti ndikanaona chiyani. Mwina inu munkadziwa, munangosankha kusatiopseza, eti?

Dzulo Bambo anati akumva chizungulire pochokera kudimba. Ndinawakhazika pampando n'kuwayang'ana m'maso. Anadabwa, akuti kodi ndawayesa mbuzi, koma analola. Sindinakhutire ndi zomwe ndinaona. Lachiwiri ndiwakweza pa kabaza tikayezetse magazi, afune asafune. Limeneli ndiye lonjezo langa kwa inu, ndipo sindidikira kuti agwe kaye.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Esinati