Njiwa ya pa Ndowa Zathu

Lolemba, 9 Juni 1975
Kwacha ndi chisanu, nkhungu yakuta mtsinje. Kumzikiti atangomaliza kuitana, malole a mchenga ayamba kugunda pa mlatho. Kenako nyundo ya ababa pakhonde.

Poweruka kusukulu ndapeza mayi wina wa ku Area 47, mwa omwe asamuka ku Zomba aja, akukalipa: "A Sumaila, ndowa yanji yodontha ngati sefa? Njiwa yanu si iyi?" Njiwa yomwe timadinda pa ndowa zathu inalipodi. Koma msoko wa ndowayo wopinda kamodzi. Ife timapinda kawiri. Ababa angoimata ndi mtovu, ulere, n'kupepesa. Kupepesa!

Lachiwiri, 10 Juni
Zinanso zitatu. Amata zonse. Akuti, "Chizindikiro n'changa, manyazinso ndi anga."

Lachinayi, 12 Juni
Ndajomba masamu, ndazungulira mumsika. Ndi a Lexon, aja anaphunzira ntchito pakhonde pathu pano. Asulitsa chidindo chawochawo cha njiwa. Ndili kuseri kwa matumba a makala ndawamva akuuza wogula: "Ikadontha mupite nayo kwa mdala uja, amakonza ulere."

Ndiye kuti ife tikuwagwirira ganyu.

Lachisanu, 13 Juni
Chikalata chimene tinalembetsera njiwa ku boma chimakhala pansi pa sutikesi, chokulunga m'nsalu ngati chithumwa. Ababa amati chimagwira ntchito chili momwemo. Iwo ali kumzikiti ku mapemphero a Ijumaa ndachitulutsa. Amayi andiona: "Iwe, akupweteka bambo ako." Andipweteke.

Loweruka, 14 Juni
M'mawa kunabweranso yodontha ina. Isanamatidwe ndinaitenga, pamodzi ndi yathu yeniyeni. Ndinazidzaza pampopi wa mumsika n'kuziika kutsogolo kwa benchi ya a Lexon. Yawo inayamba kulemba mzere m'fumbi. Anthu anaunjikana.

"Mphwanga, chotsa zimenezo," anatero a Lexon.

"Muyambe mwachotsa njiwa yathu."

Ndinawerenga chikalata mokweza, Chizungu chonsecho, nambala yomwe. Mayi wa tomato anakuwa: "Bwereza mwana, sanamve!"

Ababa anatulukira nyundo ili m'manja. Wina anali atakawatsina khutu. Ndinati basi, lero ndaphedwa. Anandiyang'ana, anayang'ana matope aja nthawi yaitali. Kenako anatambasulira a Lexon dzanja.

"Chidindo. Apo ayi tikaonana kukhoti, ndi pepala lomweli."

Tafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Ababa patsogolo, chidindo cha a Lexon m'thumba, ine pambuyo, chikalata m'malaya, ndowa yathu kumanja. Yodontha ija taisiya konko, yosamata.