Mpando Wachiwiri wa ku Padariya

Lolemba, 8 Julho

Kuzizira kwa chaka chino kukulowa mpaka m'mano. Anthu a ku Sanjala akubwera ku padariya yathu, kophikira buledi kuno, atafunda mabulangete, ena osagula n'komwe, kungotsamira khoma la uvuni. Sindiwathamangitsa. Malemu mwamuna wanga Silvano sankawathamangitsa.

Lero ena abwereranso chimanjamanja chifukwa amafuna kulipira pa foni. Namwino wina wachita kundiuza pamaso: "Dona Clotilde, ndani akuyendabe ndi ndalama m'thumba?" Wapita kukagula pafupi ndi msika, buledi wawo wodzaza mphepo uja. Zandiwawa.

Ndamuimbira Dino, amene anatigulitsa programa ya maakaunti ya pa kompyuta. Akuti abwera mawa ndi zowonjezera zake.

Lachiwiri, 9 Julho

Dino wabwera atavala jekete lonyezimira, pakamwa pali uchi. Zowonjezerazo amazitcha mamodulo. Umasankha zimene ukufuna, iye n'kuzilumikiza ku programa.

Yoyamba: yoitanitsa ufa yokha ku Nampula ukatsala pang'ono. Ndakana. Ufa timagula titaununkhiza kaye. Mwezi wa mvula matumba amafika atanyowa pansi, ndiye kompyuta ili ndi mphuno?

Yachiwiri: yotumizira makasitomala uthenga wa mafuno abwino pa tsiku lawo lobadwa. Ndaseka mpaka kutsokomola. Theka la amsinkhu wanga tinabadwa "chaka cha dzombe" kapena "mlatho usanagwe". Tsiku langa lomwe anandipatsa ndi mlembi wa pa msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, atandiyang'ana mano.

Ya malipiro a antchito: ophika athu ndimawadziwa ndi ana awo omwe. Ayi.

Yolipirira pa foni: imeneyo ndiyo ndikufuna. Ndanena choncho, Dino n'kukanda m'mutu.

Nkhani yake ndi iyi. Programa yathu imalola anthu awiri okha kulowamo, aliyense ndi dzina lake. Dino amati mipando. Wina ndi wanga, wa mu ofesi. Wina ndi wa Silvano, wa pa kauntala. Mwamuna wanga anamwalira chaka cha dzana, koma mpando wake sindinaukhudze. Yolanda, mwana wathu, ndiye amagulitsa, ndipo amalowa ndi dzina la bambo ake. Resibu iliyonse, kalisiti ka wogula, imatuluka italembedwa m'munsi kuti "Atendido por: Silvano". Wakugulitsani ndi Silvano. M'mawa uliwonse dzina lake limatuluka m'kamakina kaja, lofunda ngati buledi, n'kumwazikana m'matumba a anthu mzinda wonse.

Tsono modulo ya foni imafuna kuti wokhala pa kauntala akhale ndi nambala yamoyo, yolembetsedwa m'dzina lake lenileni. Nambala ya Silvano anaitseka kale, n'kupatsa wina. Ndinaiimbapo tsiku lina, sindikudziwa kuti ndinkafunanji. Anayankha mtsikana wa ku Cuamba, wailesi ikulira kumbuyo.

"Ndiye tingochotsa malemuwo," watero Dino, ngati akunena za thumba lotha.

Ndamuuza kuti amalize tiyi wake azipita.

Lachitatu, 10 Julho

Mzinda uno ulibe chitseko. Dzuwa lisanatenthe, lole ya achimwene Agostinho inali itaima kale panja, fumbi la ku Chimbonila lili mbuu, matumba a mbatatesi pamwamba. Dino amapemphera nawo tchalitchi chimodzi, basi.

Alowa mu ofesi, akhala pa mpando wanga osafunsa, anyema buledi wa kunsonga, wopserera, amene amaukonda. Chitsegulireni padariya sanalipirepo buledi, ndipo sindingalole. Ndi mlongo wanga wamkulu, mwini mbumba, malume wa Yolanda.

"Tilde, vuto lako ndalithetsa."

Akuti programa yomweyi ili ndi mtundu wina, pakoti yaikulu, ya masitolo akuluakulu, ya mipando yambiri. Padariya singaikwanitse, koma iwo alipira chaka ndi chaka. Silvano akhalabe pa mpando wake, dzina lake lizitulukabe kwa ogula ndi ndalama m'manja. Yolanda apatsidwa kampando kake kolandirira za pa foni. Ndipo muli modulo ina imene Dino sanaitchule dzulo. Amaitcha diso la mwini. Zonse zochitika m'padariya zizioneka pa foni ya achimwene, ndipo ufa, shuga, nkhuni, chilichonse chachikulu, sichingagulidwe iwo asanadine kuti inde.

"Diso la mwini," ndatero. "Mwini wake ndani?"

"Usayambe. Ndikukuteteza. Mkazi wekha, mwana wamkazi, ophika amuna okhaokha. Mlamu anandisiyira inu."

Mtima unali utagwira mbali imodzi yokha: Silvano akhalabe.

Lachinayi, 11 Julho

Ndatsala pang'ono kuvomera. Ndikuchita manyazi ngakhale kulemba.

Lachisanu, 12 Julho

A Mwinyi amabwera tsiku lililonse akachoka ku swala ya m'mawa, kofiya pamutu, mpango m'khosi. Anali bwenzi la Silvano, ankakangana za mpira mpaka buledi kuzizira. Lero alandira resibu, aitalikitsa ku maso monga amachitira, n'kumuyang'ana Yolanda.

"Salaam, bwana Silvano. Mwameta ndevu lero? Mwakongolatu, mashallah."

Mzere wonse kuseka. Nthabwala imeneyi ndi yakale, ndaimvapo kambirimbiri ndili mu ofesi, ndipo ndinkasekerera nawo. Lero ndinali pa khomo, ndiye ndaona nkhope ya mwana wanga. Pakamwa pamaseka, maso ayi.

Masana tikupukuta mathireyi ndamuuza za pakoti ya amalume ake. Wamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ufa ndizipempha kwa amalume?"

Ndati n'kungodina chabe.

"Mama, ufa wa padariya ino akusankha ndani chimwalirireni papa? Amene anabweza matumba onyowa aja ndani? Amene amadzuka magetsi akazima?"

Ndati ndikudziwa.

"Simukudziwa. Kukakhala kuti buledi wakoma, anthu amati Silvano anasiya dzanja labwino. Akapserera, amati mtsikana uja. Papa ndimawakonda, koma ndatopa kuvala dzina lawo ngati jekete lobwereka." Waika thireyi pansi mwaphokoso. "Tsopano mukufuna ndivalenso la amalume pamwamba."

Wapita kukatenga nkhuni, ntchito yosakhala yake.

Ine ndatsala ndi nsanza m'manja. Ndimaganiza kuti ndikusunga mwamuna wanga. Kuti mwana amaimirira tsiku lonse kumbuyo kwa dzinalo osaoneka, sindinaganizepo.

Loweruka, 13 Julho

Ndamuitananso Dino. Ulendo uno mafunso ndinali nawo ine, ndipo Yolanda anakhala pambali panga.

Neti ikadula, monga imachitira kuno mitambo ikangotsika, modulo ya foni imatani? Akuti imadikira, koma kugulitsa ndi ndalama m'manja sikuima. Chabwino. Ikatitopetsa tingaichotse osawononga zina? Akuti inde. Yolanda wafunsa ngati imalemba yokha m'maakaunti, kapena tizikoperanso pamanja madzulo. Imalemba yokha. Wafunsanso ngati kasitomala atalipira kawiri molakwitsa, wobweza ndani. Dino wachita kutsegula buku lake kuti ayankhe.

Diso la mwini lija, mwini padariya angalitseke akafuna? Apa wayamba kuyang'ana kudenga. Akuti wotseka ndi amene walipira pakoti.

Ndamva zimene ndimafuna kumva.

Funso lomaliza ndalifunsa Yolanda atatuluka. Tikachotsa Silvano, zonse zimene anagulitsa zaka zija zifufutika? Dino wavula uchi uja pakamwa, wayankha ngati munthu. Akuti ayi, Dona, zakale zikhala momwemo ndi dzina lawo. Kungoti sadzagulitsanso china chatsopano.

Sadzagulitsanso china chatsopano. Ngati kuti sindinkadziwa. Komabe kumva wina akunena, ndakhala pansi.

Ndamuuza abwere Lolemba. Modulo imodzi yokha, ya foni. Mipando iwiri yomweyo.

Lamlungu, 14 Julho

Nditachoka ku Misa ndakwera chapa, minibasi ya ku Chimbonila. Sindinafune kuti achimwene amve kwa Dino.

Njira yonse ndimakumbukira msana wawo. Chaka chimene tinathawa, ine ndinali kamwana, iwo anali asanamere ndevu. Mapazi anga anatupa tisanafike kumalire, ndipo anandibereka ndi malaya awo okha, mabatani atamangidwa pamimba. Ndimakumbukira fungo la utsi m'tsitsi lawo. Ndimakumbukira akundiuza kuti ndikalira andisiya, kenaka iwo eni n'kumalira mwakachetechete. Ku msasa ankandigawira phala lawo. Pobwerera, ndiwo anapeza pamene panali nyumba yathu, pozindikira mtengo wa pichesi. Munthu wotere umamukana bwanji?

Ndawapeza akuothera dzuwa pafupi ndi lole, alamu akusankha nyemba pa lichero. Ndapereka buledi, ndagwada pang'ono monga mwa nthawi zonse, ndanena.

Poyamba amaseka. "Ndiye mlamu ukumutaya chifukwa cha foni?"

Ndati Silvano ndinamuika m'manda ndi manja anga, kumutaya sindingathe. Ndati mpandowo ndi wa Yolanda.

"Yolanda ndi mwana."

"Pa msinkhu wake inu munali mutamanga kale nyumba."

"Ine ndine mwamuna. Ndipo mbumba iyi ndi yanga, iwe ndi mwana wakoyo. Zikakuvutani mudzalirira kwa yani?"

"Kwa inu, achimwene. Maliro, ukwati, matenda, mlandu, tidzabwera kwa inu. Koma ufa ayi."

Alamu anasiya kusankha nyemba.

Achimwene aimirira. Mawu awo anatsika, ndipo akatsika ndiye kuti zafika pa mtima. "Tilde, ndinakubereka kumsana kuchokera kuno mpaka ku Malawi."

Ndinawayankha. Ndati sindidzaiwala mpaka kufa. Ndati koma tinafika, achimwene. Munanditsitsa, ndinayenda. Musandiberekenso.

Sanandiperekeze ku msewu. Chibadwire sizinachitikepo. M'chapa ndinakhala ku windo, mphepo ikundimenya, kuti anthu aziyesa ndi kuzizira kukundichititsa misozi.

Sindikubweza mawu.

Lolemba, 15 Julho

Dino anafuna kudina yekha. Ndamuuza asuntheko.

Ndalowa komaliza ndi dzina la Silvano. Mawu ake achinsinsi ndi dzina la mudzi wa ku Malawi kumene tinaonana koyamba, tili pa mzere wa madzi, iye atanyamula chigubu chobooka. Ndawalemba pang'onopang'ono. Kompyuta yafunsa ngati ndatsimikiza kumuchotsa pa mpando wake. Yafunsanso kachiwiri, ngati nayonso siikundikhulupirira.

Ndadina.

Palibe chinagwa. Uvuni umayakabe, panja wina amakuwa kuti akufuna mabanzi. Yolanda wakhala pansi, walemba dzina lake ndi nambala yake, wabisa ndi dzanja polemba mawu ake achinsinsi. Kundibisira ine! Ndaseka, kenaka ndakalowa kosungira ufa kwa kanthawi.

Resibu yomaliza ya Silvano ndaisunga. Mabuledi a a Mwinyi. Mapepala amenewa amafufutika okha pakapita miyezi, ndikudziwa.

Dino akuti modulo iyamba kugwira mawa m'mawa. Achimwene zii, foni sakuyankha.

Lachiwiri, 16 Julho

Chifunga mpaka pa khomo. Yolanda wamata chipepala pa galasi cholengeza kuti tikulandira za pa foni.

Ndinamva lole ndisanaione. Achimwene sanalowe mu ofesi. Anaima pa mzere, kumbuyo kwa a Mwinyi ndi ana a sukulu, chipewa chili pamutu, osayang'ana kumene ndinali. Mzere unayenda, iwo n'kumasuntha nawo ngati mlendo.

Atafika, Yolanda anali atakulunga kale wa kunsonga, wopserera. "Wanu uwu, amalume."

"Zingati?"

"Amalume, inu simu..."

"Ndafunsa zingati. Pano si pa sitolo? Ine ndine kasitomala."

Yolanda anandiyang'ana. Ndinadziwa chimene achimwene amachita. Kulipira buledi kwa mlongo wako n'kumuuza kuti ubale wautseka ndi iyeyo. Amadikira kuti ndithamange, ndigwire dzanja lawo, ndipepese anthu akuona. Ndinagwira chitseko cha ofesi, n'kumugwedezera mutu mwanayo kuti alandire.

Anatulutsa foni. Anadina nthawi yaitali, zala zawo n'zazikulu. Foni ya Yolanda inalira, kompyuta inavomera, kamakina kanayamba kutulutsa pepala. Malipiro oyamba a pa foni m'padariya ya Sanjala, ochokera kwa munthu amene sanalipirepo.

A Mwinyi anali asanatuluke, amawerenga yawo pa khomo. "Atendido por: Yolanda," anatero mokweza. "Eee. Ndiye mpira ndizikangana ndi yani?"

"Ndi ine, ambuye," anatero Yolanda. "Timu yanu ndi yofoira, papa ankangokumverani chisoni."

Anthu kuseka. Achimwene sanaseke. Anayang'ana resibu yawo nthawi yaitali kuposa mawu amene alipo. Kenaka anaipinda kawiri, n'kuiika m'thumba la malaya, la pa chifuwa.

Anatenga buledi. Pa khomo anatembenuka, osati kwa ine.

"Iwe Yolanda. Lachisanu lole ikupita ku Nampula, ibwerera yopanda katundu. Ngati ukufuna ufa, undiuze wekha."

"Ndikaununkhiza kaye, amalume."

Anaguguda pakhosi, n'kutuluka. Ine sanandilankhule. Lole inachedwa kulira, kuzizira kunali kutagwira injini, ndipo pa galasi ndimawaona atakhala m'menemo akunyema kunsonga kwa buledi.

Yolanda anali ataitana kale wotsatira.