Wondisungitsa Njinga

Lolemba, 8 Sepitembala

Tsiku la khumi ndi chiwiri chichitireni opaleshoni ya bondo. Ndodo ziwiri, mapiritsi atatu, zenera limodzi. Zaka makumi awiri ndili namwino, kuuza odwala kuti adekhe. Lero ine Esnat kudekha kwandikanika.

Njinga ija yabweranso. Zobwereka zija, zamagetsi, zotsegula ndi foni, zimene zangoti mbwee m'Barking muno, kwa azungu kuno. Kachitatu tsopano. Osati pamsewu. Mkati mwenimweni mwa mpanda, pakati pa mabini a zinyalala ndi ndowa zanga za nkhwani. Yoimikidwa bwinobwino, yoyang'ana kugeti.

Chimene chandigwira mtima ndi ichi: chishalo chavundikiridwa ndi jumbo kuopa mvula. Matope a pamadigadi opukutidwa. Chidakwa sichichita zimenezi. Ana asukulu akanaigwetsa chagada n'kumapita. Ndani ameneyu?

Mapiritsi amandigoneka mpaka eyiti. Podzuka ndimapeza yafika kale.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Iliponso. A Trevor atsika. Eni nyumba, iwo pamwamba, ine pansi, chaka cha khumi ndi chimodzi. Munthu wabwino ndithu, sabata yatha anandigulira mkaka ndi buledi osawatuma. Koma maluwa awo. Anapuma ntchito kunjanji, ndipo chikondi chonse chimene anali nacho pa sitima chinasamukira kumaluwa.

Andifotokozera. Njinga ikasiyidwa imaoneka pa mapu a m'foni ya aliyense, ndiye anthu amailondola mpaka muno. Dzulo bambo wina wa tayi anatsegula geti, kuponda maluwa awiri, kuikwera, kusiya geti chitsegulire.

Iwo akuti ndi alendo anga a kutchalitchi. "Your people," akutero. Ndawauza kuti anthu anga amabwera Lamlungu masana, pa basi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene thupi lake lingakwane pa chishalo chimenecho.

Sanaseke. Kontirakiti ya nyumba ikutha pa 30. Akuti zikapitirira sasainanso, mwana wa mchemwali wawo akufuna malo. Anena akuyang'ana pansi.

Ndi bondo ili ndikasake nyumba kuti? Ndayang'ana malendi pafoni, ndatseka msanga. Mantha andigwira, ndisabise.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Dzulo sinabwere. Lero ilipo. Nambala yake ndi ina, choncho si njinga imodzi. Koma dzanja ndi lomwelo, mfundo ya jumbo ndi yomweyo, yokhoza kumasula ndi kukoka kumodzi.

A Trevor aimanga ndi unyolo kumpanda. Poisuntha inayamba kulira ngati mbuzi yopita kumsika, mpaka a pa nambala 36 anasuzumira. Aimbira kampani ya njingazo, akuti acheza ndi makina mphindi makumi anayi. Munthu atapezeka, wawauza kuti kumanga njinga yawo n'kuba. Iwo akuti kuisiya pamalo pawo n'kuba komwe. Ndinaseka mpaka bala kukoka.

Cha m'ma hafu eyiti, ndili kubafa, ndinamva wina akugwedeza unyolo. Mmene ndimafika pazenera ndi ndodo zangazi, ndinangoona msana ukukhota pakona, liwiro la mtondo wadooka.

Lolemba, Lachiwiri, Lachinayi. Munthu wa mashifiti ameneyu. Ndipo amabwerera kudzaitenga. Ndiye kuti si kutaya, n'kusunga. Koma bwanji pano, nyumba zonsezi?

Loweruka, 13 Sepitembala

Mwana wanga Stephanie wabwera kuchokera ku Croydon, ndi zipatso ndi malangizo. Ndikamuyankhula Chichewa amayankha Chingerezi, chiyambire. "Mum, just take a photo." Akuti chithunzi chimodzi nkhani yatha, a Trevor aona okha kuti si ine. Akutinso zikavuta ndikakhale kwawo, pa sofa ya pabalaza. Ndimamukonda mwanayu, koma mwamuna wake amaonera mpira mokuwa. Ndathokoza.

Galimoto ya kampani yatenga njinga. Unyolo audula. A Trevor akulemba kalata yodandaula za unyolo.

Fizyo, wondithandiza kulimbitsa mwendo, akuti ndipinde bondo kakhumi katatu patsiku. Ndapinda kasanu.

Lolemba, 15 Sepitembala

Piritsi logonetsa sindinamwe. Hafu sikisi ndili kale pampando, katani yotsegula pang'ono, foni m'manja. Kubisalira ngati ndine wakuba.

Kota tu seveni. Mzimayi. Wamfupi, jekete lomukulira, mkati yunifolomu yobiriwira ya osamalira okalamba m'makomo. Watsika panjinga kunja, watsegula geti pang'onopang'ono. Waima. Milomo yagwedera, akunena kanthu, koma magalasi ophatikiza a zenerali salowetsa mawu. Kenako wawerama pang'ono, walowetsa njinga, jumbo pachishalo, watseka geti. Wapita pa nambala 40, kwa nkhalamba ina yopumira m'makina.

Zithunzi zitatu. Nkhope sikuoneka, koma dzina la ejensi imene inamulemba ntchito likuwerengeka bwino pachikwama. Ndawatumizira a Trevor nthawi yomweyo. Ayankha ndi kachala koloza m'mwamba. Mtima unakhala pansi, ndinakazinga mazira awiri.

Koma amanena chiyani pageti paja? Pemphero? Kapena amawerenga nambala ya nyumba?

Lachiwiri, 16 Sepitembala

Ndadzuka mochedwa. Njinga ilipo. Pazenera, kunja, kajumbo komanga mfundo yomwe ija. Mtedza wokazinga, wamchere, njere zikuluzikulu. Chalimbana. M'masitolo a kuno mulibe ameneyu, munthu amabwera naye m'sutikesi.

Ndakhala nako m'manja nthawi yaitali.

Lachinayi, 18 Sepitembala

Lero zenera ndinalitsegula pang'ono. Kota tu seveni, geti kwee. Ndiye mawu otsika, aulemu: "Odi kuno." Kudikira. "Odi, Amayi. Ndasungitsako njinga."

Ndinayankha ndisanaganize: "Odini." Anadzidzimuka mpaka foni kumupulumuka.

Dzina lake Mwayiwathu. Wa ku Ntcheu, ku Bilira. Anali mphunzitsi wa pulayimale, ana atatu anawasiya ndi mng'ono wake. Mwezi wachinayi kuno. Viza yake ili m'manja mwa ejensi, ndipo akadali pa miyezi yoyesedwa.

Ndamufunsa chifukwa chake pano. Akuti tsiku loyamba anaona nkhwani wothyoledwa nsonga, anati eni dzikowa sathyola masamba a dzungu. Tsiku lina podutsa anamva nyimbo ya m'buku, ya Chichewa. "Ndinati pano pali mayi, ndapeza posungitsa." Pa 40 mwana wa nkhalamba analetsa kusiyapo njinga, pakhomo pali njira ya chikuku cha wodwala.

Ndamuuza kuti njinga zimenezi amazisiya pamsewu, ndi mmene anazikonzera. Akuti anzake anamuuza kale. "Koma Amayi, chinthu cha eni, chodula chonchi, dzina langa lili mu system, ndichisiye panjira ngati chinyalala? Chikabedwa adzafunsa ndani?" Komanso hafu eyiti amatuluka pa 40, kota tu naini akhale atafika ku Becontree kwa wodwala wina. Pa basi sangakwanitse. Masiku amene anaipeza itatengedwa ndi ena, anathamanga wapansi. Tsiku la unyolo anaganiza kuti ndakwiya, n'chifukwa chake mtedza uja.

Odi m'mawa ulionse, masabata atatu, ine ndili m'tulo ta mapiritsi. Kwathu ku Thondwe nyumba yathu inali pafupi ndi siteji. Anthu okakwera basi ankasiya njinga pansi pa mango athu, nthawi zina khumi, bambo osafunsa ndi dzina lomwe. Ntchito yanga inali kuzisunthira pamthunzi dzuwa likatembenuka. Ndinaiwala liti zimenezi? Jumbo ija inkandiuza, ine osamva.

Za zithunzi sindinamuuze. Ndangoti aziisiya kunja kwa mpanda, ndiziiyang'anira pazenera. Wathokoza mopinda maondo, wathamangira kuntchito.

Masitepe khumi ndi anayi, ndakwera chokhala pansi, kukagogoda kwa a Trevor. Ndawapempha afufute zithunzi, nkhani ndaithetsa ndekha. Akuti anatumiza kale ku ejensi Lolemba lomwelo, ndi kalata ya masamba awiri. Kulowa pamalo pa eni, kuwonongetsa maluwa, masiku onse olembedwa. Ndayesa kuwafotokozera za kusungitsa. Amvetsera mwachidwi ndithu, afunsanso kuti mango ndi mtengo waukulu bwanji. Kenako funso: ngati palibe anamuyankha, analoweranji? Chingerezi chake ndinachisowa. Kwathu pakhomo pakakhala zii sindiye kuti pakana.

Loweruka, 20 Sepitembala

A Trevor abweretsa kontirakiti kuti ndiwerenge. Chaka china. Ndi maluwa atatu m'botolo, opepesera pondiganizira. Tisaina Lachitatu madzulo, mnzawo woikira umboni akabwera.

Ndiye kuti nyumba ndaipulumutsa. Ndaimbira Stephanie, wasangalala. Ine ndimayenera kusangalala.

Bondo lapinda kakhumi lero. Kunja kwayamba kuzizira, nkhwani akuchita chikasu.

Lolemba, 22 Sepitembala

Njinga palibe, mkati kapena kunja. Pa 40 palowa wina, wamtali, wobwera pa galimoto.

Masana Mwayiwathu wafika wapansi, wopanda yunifolomu. Amuimitsa ntchito. Msonkhano womuweruza Lachitatu teni koloko. Mlandu waukulu kulowa pakhomo pa munthu popanda chilolezo, ali mu yunifolomu. Awonjezerapo kuchedwa kanayi ku Becontree. Akamuchotsa, ali ndi masiku makumi asanu ndi limodzi apeze ejensi ina. Apo ayi, ndege.

Wandionetsa chithunzi chimene a ejensi amutumizira. M'mphepete mwake mukuoneka katani yanga, ya madontho achikasu. Wayang'ana chithunzi, wayang'ana zenera. Sanafunse. Ndikanakonda akanandilalatira. Ndinati, "Ndine ndinajambula." Iye: "Simunadziwe, Amayi." Tiyi sanamalize.

Manyazi andigwira kuposa tsiku lina lililonse m'dziko muno.

Misonkhano yotereyi ndikuidziwa, ndakhalamo kangapo kuchipatala. Funso limakhala limodzi: analoledwa kapena ayi? Bwalo lakutsogolo lili m'kontirakiti yanga, ndawerenga kawiri. Ndikati ndinamulola, mlandu wolowa watha. Koma ndikatero, kwa a Trevor ndiye kuti ananena zoona chiyambire. Anthu anga. Ndiponso kuti ndinawanamiza, ndinawasiya alembe masamba awiri pachabe, abwere ndi maluwa kudzapepesa.

Kodi lingakhale bodza? Ndikanamva odi uja tsiku loyamba, ndikanakana? Ndadzifunsa masana onse. Sindikanakana.

Lachiwiri, 23 Sepitembala

Stephanie pafoni: "Mum, sign first, then help her." Nzeru ndithu, mwana anaphunzira. Koma msonkhano ndi mawa m'mawa, kusaina madzulo.

Ndaimbira ejensi. Mayi wa mu ofesi akuti umboni ukhale wolemba, ufike lero isanakwane faifi, ndipo autumiza pompo kwa wodandaula kuti ayankhepo. Ndafunsa ngati angadikire mpaka Lachinayi. Ayi, ndi lamulo lawo.

Ndayendayenda m'nyumba ndi ndodo. Khitchini yoloza kum'mawa. Bafa, ndi chogwirira chimene a Trevor anandikhomera okha ndisanapite kuopaleshoni. Chipinda chimene Stephanie anawerengera mayeso ake. Ndikuikonda nyumba ino. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndikuopa.

Mizere inayi yokha. Kuti ndine wokhala m'nyumba yapansi pa nambala 34, namwino, nambala yanga ya ntchito ndi iyi. Kuti Mwayiwathu ankapempha m'mawa ulionse asanalowe. Kuti pakhomo panga ndi wololedwa, ndipo anali wololedwa chiyambire. Kuti wolakwa ndine, amene sindinadziwitse eni nyumba. Ndatumiza teni pasiti folo.

Ndatsuka makapu. Ndapukuta tebulo loyera kale.

Kota tu faifi. Pamwamba foni yalira kamodzi. Mpando wakokedwa. Zii. Akuwerenga kawiri, ndimawadziwa.

Tsopano masitepe. Akutsika pang'onopang'ono, imodziimodzi. Bondo likuwawa, koma ndiwatsegulira nditaimirira, ndipo ndikawauza kuti inde, Mwayiwathu ndi mmodzi wa anthu anga.