Moto wa M'bokosi la Magetsi

Ku Makina a Matabwa,
Chikangawa, Mzimba.
14 Novembala 1986

Okondedwa Achemwali a Selina,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Mponela. Kuno tili bwino, mvula yayamba kuwaza ndipo nkhungu ikumakhala mpaka dzuwa litakwera. Kalatayi sindinaiponye ku positi, ndapatsira dalaivala wa lole ya matabwa amene amadutsa kwanuko. Mukawerenga muisunge pabwino.

Mwina munamva kuti kuntchito kwathu kunachitika ngozi mwezi watha. Ine sindinavulale, cheya chokha cha pamkono ndi nsidze ndi zimene zinawauka. Amene anapsa ndi a Wilfred Hara, amagetsi aakulu amene ndakhala ndikugwira nawo ntchito zaka zinayi. Kwawo ndi ku Edingeni, ndipo ntchitoyi anaiphunzira ku migodi ya ku Joni. Lamulo lawo linali limodzi: usanatsegule bokosi la magetsi, zimitsa swichi yaikulu, ikapo loko, kiyi uike m'thumba mwako.

Sabata imeneyo tinkacheka matabwa a nsanja ya msonkhano wa chipani pa boma. Lachinayi chakumasana macheka aakulu anayamba kuzimazima. A Hara ananunkhiza pa bokosi nati bawuti ina yamasuka ndipo ikutentha. Anapita kwa a manijala kukapempha kuti tizimitse makina onse kwa ola limodzi. Ndinawaperekeza.

A manijala anatiloza malole atatu amene anaima pabwalo. Anati, "Matabwa awa akufunika pa boma dzuwa lisanalowe. Amene azimitse makina akafotokoze yekha kwa apampando a chipani chifukwa chimene sakufunira msonkhano."

Titatuluka, a Hara anati, "Bennet, ine ndizimitsa basi. Mbwenu anene zimene anene."

Achemwali, apa ndi pamene ndinalankhula ine. Ndinati, "Adada, bawuti imodzi yokha? Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Mangani choncho, ine ndikugwirirani chitseko." Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenaka anabweza loko m'thumba natenga sipanala.

M'bokosimo muli zitsulo zitatu za kopa zoyandikana zimene zimanyamula mphamvu yonse ya makina. Sipanala inaterereka n'kukhudza ziwiri nthawi imodzi. Anthu kuno akumati a Hara anagwidwa ndi magetsi, koma si choncho. Dzanja lawo silinakhudze waya. Moto ndi umene unatuluka m'bokosimo, woyera kuposa wa owotcherera zitsulo, ndi phokoso ngati mfuti. Kopa anasungunuka n'kuwathovokera kumaso. Chitseko chimene ndinagwira ndi chimene chinanditchinga ine.

Nditayambanso kuona, anali chagada pansi, kutali ndi bokosilo ngati mapazi asanu. Tsiku limenelo kunatentha, ndiye anavula ovolosi n'kutsala ndi malaya a nayiloni. Malayawo anasungunukira pathupi. Tinawathira madzi, tinawakweza pa imodzi mwa malole aja pamwamba pa matabwa, mpaka ku chipatala cha pa boma. Matabwawo anafika nthawi yake ndipo msonkhano unachitika.

Lolemba lake kalaliki anandiitana ku ofesi. Lipoti linali lolembedwa kale. Linkati a Hara anatsegula bokosi osazimitsa, mwa kufuna kwawo, popanda wowatuma. Ndinasaina. Tsiku lomwelo anandiuza kuti ntchito ya a Hara ndi yanga tsopano, pamodzi ndi nyumba yawo ya zipinda ziwiri akachokamo. Munthu akavulala chifukwa chophwanya yekha lamulo, atero ku ofesi, chipukutamisozi palibe.

Ndinapita kukaona a Hara kuchipatala Lamlungu lachitatu chichitikire ngoziyo. Anamangidwa mabandeji kuyambira kumutu mpaka pachifuwa, pakamwa pokha ndi pamene panatsala. Akazi awo, a Keziya, ankawamwetsa phala ndi supuni yaing'ono. Anandipatsa moni bwinobwino, nandiyalira chitenje pa benchi.

A Hara anandizindikira ndi mawu. Anati, "Bennet, bokosi lija mwaikamo zitsulo zatsopano?"

Ndinati eya.

"Munazimitsa?"

Ndinati tinazimitsa tsiku lonse, palibe amene anadandaula.

A Hara anati, "Kalaliki anabwera kudzandiwerengera pepala lija. Akuti dzina lako lili pansi." Kenaka anangoti, "Yewo. Uli ndi ana atatu." A Keziya anapitiriza kuwamwetsa phala osandiyang'ana.

Pochoka, mayiwo anandiperekeza mpaka pachipata. Anandifunsa ngati ku ofesi angawalole kukhala m'nyumbamo mpaka Januwale, kuti mwana wawo Towera amalize teremu. Sankadziwa kuti woyembekezera nyumbayo ndine.

Lachitatu lapitali ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi n'kupita ku ofesi ya zantchito pa boma. Ndinafotokoza zonse monga ndalembera pano, mawu a manijala ndi mawu anga omwe. Bambo amene ndinamupeza analemba pang'onopang'ono. Atafika pa nkhani ya nsanja anaika cholembera pansi nandifunsa kawiri ngati ndikufuna kuti mawu akuti msonkhano alowemo. Ndinati alembe kuti panali matabwa ofunika msanga. Analemba choncho, ndinasaina. Anati nkhani ya a Hara aiunikanso, ndipo mwina adzalandira kanthu, ngakhale zimatenga miyezi.

Dzulo ndalandira kalata ya ku ofesi kwathu. Akuti popeza ndavomera ndekha kuti ndinalimbikitsa mnzanga kugwira ntchito magetsi ali oyaka, ntchito yanga itha pa 30 mwezi uno. Zimenezo ndi zoona, ndiye sindinatsutse. A manijala akadalipo. Anyamata awiri a chipani anabwera kunyumba kudzaona makadi athu, anawapeza ali bwino, anapita.

Tsono ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, mukawauze amalume kuti ngati munda uja wa kudambo sunapatsidwe kwa wina, andisungire. Mkazi wanga Esme ndi ana abwera ndi basi pa 2 Disembala, muwalandire. Ine nditsala milungu iwiri, ndikupita ku Edingeni kukabzala chimanga m'munda mwa a Hara, chifukwa mvula siidikira wodwala. Chachiwiri, alamu andisokere ovolosi ziwiri za kaki wokhuthala, wa thonje lenileni, manja aatali, osasakaniza nayiloni ngakhale ulusi wake. Ndi za anzanga awiri amene atsale pa bokosi lija. Mumupatsire dalaivala yemweyu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa amalume. Amayi muwauze kuti ndikubwera kudzalima chaka chino, zina ndidzawafotokozera ndekha. A Hara anawamasula mabandeji a kumaso dzana. Diso lamanja latha, lamanzere likuona kuwala kwa zenera. Nditawauza kuti ndikulemberani, anati ndikupatseni moni, ndiponso kuti mbewu yobzala ili m'nkhokwe yaing'ono, ndisatenge ya m'nkhokwe yaikulu.

Ndine mlongo wanu,
Bennet Kachale