Amayi Aakulu Anakwecha Nyanja

Namadzi,
Chiradzulu.
16 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Frackson,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Pembako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi ukali, m'mawa mano amachita kuwombana. Musadabwe kuti ndakulemberani papepala foni ilipo. A Rajabu akunyamuka ndi thiraki yawo Lachitatu kubwera kwanuko, ndiye ndati nkhani zina zimafuna kuziyala bwinobwino, osati zapafoni zija zoti uli pakati pa mawu netiweki n'kuthawa.

Achimwene, nyanja yathu yapabalaza, thanki ya nsomba ija, yakongola! Miyala ija munabwera nayo m'ndowa mu Disembala, imene amayi ankati ikuoneka ngati zigumu zopserera, pano yayamba kuchita mawanga apepo, ndipo m'timabowo take mumatuluka tinthu tokhala ngati timaluwa, ukangoyandikiza chala timalowa msangamsanga. Tinsomba tiwiri tofiirira tija, ta mizere yoyera, tinatipatsa mayina. Kakang'ono ndi Abusa chifukwa cha kolala yoyera m'khosi, kakakulu ndi Amayi Busa, ndipo ndi amene amalamula. Abusa akangosendera pa chakudya nthawi isanakwane amathamangitsidwa mpaka kuseri kwa mwala. Azimayi akutchalitchi akabwera amaseka mpaka misozi, ati nsombazi zikudziwa za m'nyumba mwa anthu. Lamulungu lililonse pabalaza pamadzaza, mipando imachita kuchepa.

Ndimakumbukira mmene tinkavutikira poyamba. Inu mukuboola galasi lija pang'onopang'ono, ine ndikuthira madzi poboolapo, amayi atatseka maso kuopa kuti liphulika. Kenako mapaipi, guluu wonunkha uja, ndi kathanki kapansi m'kabati, kamene munandiuza kuti dzina lake ndi sampu. Ine ndinafunsa kuti thanki yachiwiri ndi yachiyani poti nsomba zikhala pamwamba. Munandiyankha kuti yapamwambayo ndi ya alendo, yapansiyo ndi ya mwini wake. Ndinangovomera, koma sindinamve. Pano ndikakhala chete n'kumamvetsera madzi akutsika m'paipi, kudutsa m'timiyala ndi mu ndere, pampu n'kuwakwezanso ali mbee, mtima wanga umakhala m'malo.

Mutachoka, masabata asanu ndi limodzi aja odikira kuti madzi apse ananditalikira. Anthu ankabwera, kusuzumira, n'kufunsa kuti nsomba zili kuti. Ndikawauza kuti ndikuweta kaye tizilombo tosaoneka timene timadya zoipa za m'madzi, ankandiyang'ana ngati ndayamba misala. Mayi wina wogulitsa tomato mpaka anandipatsa matemba awiri ouma kuti ndiyambirepo. Koma tsiku limene a Rajabu anafika ndi kabokosi kaja, nsomba zitatu zili m'mapulasitiki, mudzi wonse unali pakhomo pano, ndipo wa matemba uja ndi amene anali patsogolo.

Kope la malangizo limene munandisiyira ndaliloweza ngati mavesi. Madzi akaphwa ndimathira amvula a m'madiramu, opanda mchere, poti mchere suuluka. Mzere wofiira munajambula pa sampu uja sindiupyola, ndipo magetsi akazima madzi onse otsika amakwana bwinobwino, osatayikira pansi, batire la sola n'kuyamba ntchito yake. Kapu ya sikima, kachipangizo kochita thovu kaja, ndimakhuthula Loweruka, ngakhale fungo lake limathamangitsa amayi kupita panja. Zonsezi ndimachita mokondwa, komanso ndi pangano lathu lili m'mutu. Munati mukabwera mu Ogasiti n'kupeza nsomba zonse zitatu zili moyo, mudzanditenga kuti ndikakhale wothandizana nanu pa mathanki a ku hotela kwanuko. Ine zaka makumi atatu ndi chimodzi, makina osokera andipinditsa msana pakhonde la sitolo, ndipo nyanja yeniyeni sindinaionepo. Pasipoti ndinatenga kale mu Epulo, ili m'Baibulo.

Tsopano za chinkhoswe cha mng'ono wathu Rejoice. Zithunzi munaona, koma zithunzi sizinena zonse.

Kutatsala masiku awiri, amayi aakulu a Phyllis anafika kuchokera ku Ndunde, ndipo mukuwadziwa akulu awo a amayi mmene amachitira alendo akamabwera. Asanamwe n'tiyi yemwe anamanga chitenje m'chiuno. Makatani anatsika, mipando inatuluka panja, mapoto anakwechedwa mpaka munthu kudziona nkhope, ngakhale khola la nkhuku linasesedwa. Nsomba anazikonda, anaima nthawi yaitali akugwedeza mutu. Kenako anawerama kuti apukute kabati, n'kutsegula chitseko.

"Esnat! Tabwera kuno. Ichi n'chiyani?"

"Ndi sampu, amayi."

"Sampu? Uve umenewu uli ndi dzina? Taona ndere izi, taona matope awa. Iii, mpaka tinyongolotsi! Akuchimuna akhala pompano mkucha. Wina akangotsegula apa adzati mbumba yonseyi ndi ya uve, mtsikana tikutengayu ndi chimodzimodzi."

"Achimwene anati m'menemo tisamatsukemo, amayi."

"Achimwene akowo ndinkawasambitsa ndine. Anayamba liti kudziwa za ukhondo? Bweretsa beseni."

Mukaona pakuda pamwamba pa mzere uno, ndi pamene ndafufuta. Ndinayamba kulemba kuti ine ndinali nditapita kumsika, ndipo ndinapeza zitachitika kale. Ndi bodza. Ndinalipo, achimwene, ndipo beseni ndinabweretsa ndine. Tsamba lachitatu la kope lanu, pamene munalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti timiyala ta mu sampu tisaume ndipo tisakhudze sopo, ndinkaliona m'maso mwanga. Koma sindinawaletse. Chibadwire sindinawayankhepo amayi aakulu kawiri. Chimene ndinakwanitsa n'kuzimitsa pampu ndi kutseka paipi kuti madzi apamwamba asatsike. Manyazi anapha lambe, ndipo tsiku limenelo lambeyo ndinali ine.

Anagwira ntchito ndi mtima wonse, ndiwayamikire. Ndere anataya kudzala. Timiyala anatikwecha kamodzikamodzi ndi phulusa ndi sopo, n'kutiyanika pathandala pamodzi ndi mbale, akuimba nyimbo yakwaya. Ine ndinatsukuluza galasi ndi timiyalato kakhumi konse iwo atatembenuka, misozi ili m'maso. Pofika madzulo sampu inali kuwala ngati kapu yatsopano.

Chinkhoswe chinayenda bwino kwabasi. Alendo a ku Namitambo anaiwala n'zakumwa zomwe, onse maso pa thanki. Malume a mwamuna anafunsa kuti nsomba zazing'ono chonchi ndiwo zake zingakwane anthu angati, anthu n'kufa nazo nseko. Ndipo amayi aakulu anatsegula okha kabati ija kuti alendo aone kuti kwathu ngakhale kobisika n'koyera. Akuchimuna anaomba m'manja. Rejoice anasangalala, ndipo ine ndinadziuza kuti mwina palibe chichitike.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa anawawa patangopita masiku atatu chinkhoswe chitatha. Lachiwiri m'mawa ndinapeza madzi atachita mbuu ngati otsukira mpunga. Nsomba zinali pamwamba, pakamwa yasayasa. Ndinatenga timabotolo toyezera poizoni m'madzi timene munandisiyira, ndinadontheza, n'kudikira. M'malo mwa chikasu chija cha masiku onse, madzi anasanduka obiriwira. Apo m'pamene ndinamvetsa zenizeni zimene munkanena. Uve umene tinakwecha uja ndi umene unkadya poizoni wa nsomba.

Sindinalire nthawi yaitali, panalibe mpata. Ndinatsegula kope, tsamba la ngozi. Kusiya kudyetsa. Kusintha gawo la madzi tsiku lililonse. Ndinachotsa mwala umodzi wokhala ndi tizilombo tija m'thanki yapamwamba n'kuutsitsira mu sampu kuti tizilombo tiyambirenso pamenepo, ngati mmene timasiyira mbewu. Kenako kutunga m'diramu, kusungunula mchere wanu wa m'thumba uja, kuyeza, kutenthetsa madzi kuti afanane ndi a m'thanki poti kunja kukuzizira, kuyezanso, kuthira pang'onopang'ono. Makina osokera ndinawafunditsa nsalu sabata yonse.

Amayi aakulu anali asanabwerere ku Ndunde. Ankandiona ndikuthamanga ndi ndowa, ndipo ndinaona kuti zawalowa. Lachinayi anandimva ndikuuza amayi kuti mchere ukutha. Anavala mpango n'kutuluka. Patapita kanthawi, ine ndili kuseri ndikutunga madzi, ndinamva chivundikiro cha thanki chikusuntha. Ndinalowa chothamanga. Ndinawapeza atang'amba ndi mano paketi ya mchere wakukhitchini, ataikweza pamwamba pa madzi.

"Ayi amayi! Musathire!"

Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji pabalaza, koma ndinapezeka nditawagwira dzanja. Amayi athu anali pakhomo ndi lichero.

"Wandigwira dzanja, Esnat?"

"Eya amayi. Mundikalipire mmene mungathere, koma mchere uwu ndi wandiwo. Mukathira zifa zonse."

"Mchere si mchere basi?"

"Ayi amayi. Ndipo tsiku lija ndinayenera kukukanizani. Ndinalakwa ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine dzanja osalisiya. Kenako anatsitsa paketi ija n'kuipereka kwa amayi.

"Kathireni ndiwo uwu. Iwe mwini wake, tandiuza chochita. Ndaononga ndi manja awa, ndikonza ndi manja omwewa."

Achimwene, mukanaona! Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri akulandira malamulo kwa ine. Ankasenza ndowa kuchokera kumadiramu, n'kukhala pampando akutakasa madzi amchere ndi mthiko watsopano umene anakagula okha, ati wakale uli ndi mafuta. Ndikamayeza ankavala magalasi awo n'kumasuzumira kabotolo. Tsiku lachisanu ndi chinayi madzi atatuluka achikasu, anaimba nthungululu mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati Rejoice wakwatiwanso. Pano mu sampu ndere zayambanso kumera, timiyala tayamba kuda, ndipo ine ndikaona kudako ndimasangalala ngati ndaona chimanga chikumera. Dzulo ndinaonamo kanyongolotsi koyamba.

Ndiye ndili ndi mapempho. A Rajabu akamabwerera muwapatsire thumba lina la mchere, wotsalawu ungokwana kusintha kamodzi. Timabotolo toyezera natonso tatsala pang'ono. Ngati n'kotheka, muikemonso ndere pang'ono za mu sampu yanu.

Ndazungulira mokwanira. Mwaona kuti ndakamba za Abusa ndi Amayi Busa, koma sindinatchule Kabuluu, kansomba kanu kaja munakaweta zaka ziwiri m'chipinda mwanu musanakatumize kuno. Kanafa, achimwene. Kanafa Lachitatu la sabata ija madzi anaipa, kum'mawa, madzi asanayambe kukhala bwino. Ndinakapeza katagona pamchenga. Maulendo atatu amene mwaimba foni ya vidiyo n'kufunsa, ndakhala ndikukuuzani kuti kabisala kuseri kwa mwala. Nthawi zonsezo ndinkanama, ndipo ndikatseka foni nsima inkandikanika.

A Rajabu nditawafotokozera anandimvera chisoni. Anati, "Chemwali, tinsomba tabuluu timeneti kumeneko n'tambirimbiri, tofanana ngati mapasa. Ndikubweretserani kena mwakachetechete, achimwene anu sadzadziwa." Sindikubisirani, ndinaganizira mawu amenewa masiku awiri athunthu. Ndinatulutsa pasipoti, kuiyang'ana, kuibwezera. Ntchito imeneyi ndimaifuna kuposa mmene ndingalembere papepala. Koma ndinaona kuti ndikanakafika ku Pemba pamsana pa kansomba kabodza, tsiku lililonse ndikanamakuyang'anani ndi maso akuba. Ndinawayankha kuti anditengere kalata basi.

Choncho mu Ogasiti mudzapeza nsomba ziwiri, osati zitatu. Pangano ndaliphwanya, ndipo mukati ulendo palibe sindidzakusungirani mangawa. Thankiyi ndidzaisamalirabe mmene ndikuchitiramu, chifukwa ndaikonda pa iyo yokha. Chimene ndinganene n'chakuti Esnat amene anabweretsa beseni uja si amene akukulemberaniyu. Kaya ndi mwini hotela, kaya ndinu amene, munthu akadzafuna kuchita choononga madzi, ndidzamugwira dzanja.

Amayi akupereka moni, ati muzivala juzi ngakhale kunyanja kumatentha. Rejoice ndi amuna ake atsopano akuti zikomo chifukwa cha nsalu. Moni kwa alamu a Tracy, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Amayi aakulu anabwerera ku Ndunde, koma dzulo anabwera dala atamva kuti ndikulemba kalata. Ali pompano, ndipo akuti ndilembe mawu awo ndendende, ndisachotse kanthu: "Frackson mwanawanga, nsomba yako ndinapha ndine ndi ukhondo wanga. Mlandu ubwere ku Ndunde. Mwanayu usamusiye."

Ine sindiwonjezerapo. Yankho lanu musanene pafoni, ndingalire pamaso pa anthu. Mulembe, a Rajabu abwere nalo pamodzi ndi mchere.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Esnat