Valavu ya Mkamwini

Woolwich, London
20 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Effie,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti shuga wa Amayi watsikako. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwafika msanga chaka chino. Mwana wanga Kayla mimba yakula ndithu, akuyenda ngati bakha, ndipo sakugona tulo ndi chimwemwe chakuti agogo ake viza yatuluka, adzakhalapo mu Disembala pomulandirira mwana.

Mwina mukudabwa kuti Ivy walemberanji kalata ngati zakale pamene foni ilipo. Foni yanu ndimaidziwa, achemwali. Imayenda m'manja mwa aliyense pakhomopo, ndipo uthenga wa mawu mumautsegula mokweza Amayi ali pomwepo. Nkhani iyi ndi yanu nokha. Mukawerenga, muyatsire mbaula.

Nkhani yake ndi ya alamu anu, a Felton. Mukuwadziwa: kuyendetsa basi, kubwera kunyumba, kudya, kuonera mpira, kugona. Chikwatirane sanasinthepo ngakhale babu la magetsi m'fulati muno. Mpopi ukamadontha amangouyang'ana ngati udzichiritsa wokha. Ndiye tsiku lina ndikufuna kuchapa jekete yawo, ndinapeza m'thumba sipanala yatsopano ndi katepi koyera kokulungira mapaipi. Nditawafunsa anayamba akanda m'mutu, kenaka akuti, "Ndagula kalavani."

Kalavani, achemwali, ndi kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, kamene azungu amapita nako kutchuthi. M'kati mumakhala bedi, sinki ndi kachimbudzi kogejemula. Ife galimoto tilibe, tchuthi sitichidziwa. Ndinawafunsa kuti aikoka ndi chiyani, ndi mano? Anati ndi yakale, yangoimikidwa kuseri kwa galaja ya mnzawo Edgar, wa ku Zambia uja, ku Plumstead. Nanga ntchito yake? "Ndi project chabe, mai a Kayla."

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse lopuma, bambo ulendo wa ku Plumstead. Akabwera amandilongosolera za chimbudzi ngati ndawafunsa. Akuti akalumikiza paipi ku mpopi wa Edgar, chimbudzicho chimadontha osaleka mpaka pansi ponse madzi okhaokha, ndipo kuti chileke amayenera kutseka madzi a kalavani yonse, ndiye kusinki nakonso kumauma. Mankhwala ake akuti n'kudula paipi kuseri kwa chimbudzi n'kuikapo valavu, kampopi kotsekera madzi a chimbudzi chokha. Anandisonyezanso ndi chala patebulo: kachigwiriro kake kakagona motsata paipi madzi akuyenda, kakapingasa atsekedwa. Ine ndinkangoti "eya, eya," koma mumtima ndinkawerenga zina. Kampopi kamodzi, milungu yonseyi? Ndipo munthu akonzerenji chimbudzi m'nyumba yosagonamo munthu? Galu wamkota sakandira pachabe.

Chimene chinanditsiriza ndi foni. Madzulo ena ndikutsuka mbale, iwo ali pakhonde akuyankhula motsitsa mawu, koma zenera linali lotsegula.

"Edgar, female uja ndam'peza ku Lewisham. Ndi wamng'ono, koma akukwana bwinobwino. Loweruka ndibwera naye ku kalavani. Madam asadziwe kaye."

Achemwali, mbale inandipulumuka. Ku Lewisham, kumene ine ndimagwira ntchito kuchipatala! Ndinayamba kuwaona onse m'maganizo, atsikana a kutchalitchi, ana asukulu obwera kumene ochokera kumudzi amene amawatchula kuti "ankolo" uku akuseka mpaka mano onse pamtunda. Sabata yonse aliyense wamfupi amene ndinkakumana naye pasiteshoni ndinkamuyang'ana kuyambira kumapazi.

Sindinawafunse. Mwamuna ukamufunsa ulibe umboni, umangomuphunzitsa kubisa bwino. Komanso sindinatume munthu, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinatenga kiyi wa kalavani m'thalauza lawo ali m'bafa, n'kukadulitsa wina kumsika wa Woolwich, wawoyo n'kubwezera mwakachetechete.

Lolemba lotsatira iwo ali kuntchito, ndinakwera basi. Edgar anandiona ndikulowa pageti, nkhope yake inagwa.

"Ah, amai! Muli bwanji? Ba Felton kulibe lelo."

"Ndikudziwa. Amabwera ndi ndani kuno?"

"Ine sinidziwa kanthu, amai. Nili chabe na ma mota yanga. Funsani beve."

Munthu wosadziwa kanthu sathawira kunsi kwa galimoto msanga chotero. Ndinatsegula kalavani. Kunja ndi yachikale, yandere, koma m'kati, achemwali, mukanaona! Mosesedwa bwino. Bulangeti latsopano lokhuthala, hita yatsopano yotenthetsera m'kati, pazenera chitenje chatsopano chimene sindinachionepo, pasinki makapu awiri otsukidwa. A Felton, amene kunyumba sadziwa kumene kumakhala sopo wa mbale! Ndinanunkhiza pilo, ndinasuzumira kunsi kwa bedi, ndinafufuza ngakhale tsitsi la wigi. Sindinapeze kanthu, koma zimenezo zinangondiuza kuti mtsikanayo ndi wochenjera.

Kuchimbudzi valavu ija inalipodi, yachigwiriro chofiira, itaikidwa mokhota pang'ono. Pamenepo nzeru inandibwerera. Ndinaipingasa, kutseka madzi, n'kutuluka. Ndinati aliyense wofuna kugejemula adzayenera kuitsegula, ndipo idzandiuza yokha.

Lachinayi a Felton anati ali ndi shifiti yaitali. Lachisanu ndinapitanso. Kachigwiriro kanali katagona motsata paipi, bulangeti lili makwinyamakwinya. Ndinakhala pabedipo n'kulira, achemwali, kulira kwenikweni. Ndinaganiza za Amayi akubwera ulendo wonsewo kudzapeza banja la mwana wawo likutha. Ndinaganiza za Kayla ndi mimba yake. Kenaka misozi inauma, kunatsala ukali wokhawokha.

Loweruka masana a Felton atangoti "ndikupita kukamangitsa valavu, ikudonthabe pang'ono," ndinawasiya atsogole, ine n'kukwera basi yotsatira. Sindinagogode. Ndinakankha chitseko mpaka kalavani yonse inagwedezeka. Ndinawapeza atagwada, mutu uli kuseri kwa chimbudzi, sipanala kumanja.

"Ali kuti?"

Anadzidzimuka mpaka kugunditsa mutu. "Ndani?"

"Female wanu wa ku Lewisham. Wamng'ono uja. Wokwana bwinobwino uja."

Anasendera pambali n'kuloza ndi sipanala kachitsulo kachikasu kolumikiza valavu ndi paipi.

"Ndi uyu."

Akuti tizitsulo tolumikizira mapaipi tili pawiri: kamene kamalowa amakatcha kachimuna, kamene kamalandira amakatcha kachikazi, ndiye m'sitolo umangonena kuti male kapena female. Woyamba amene anagula anali wamkulu, anazungulira masitolo mpaka kukam'peza woyenera ku Lewisham. Panja ndinamva Edgar akutsokomola chifuwa chabodza.

Manyazi anandigwira, koma sindine mwana woti n'kupusitsidwa ndi kachitsulo. Ndinati, "Chabwino. Nanga makapu awiri?" Akuti china ndi cha Edgar, amamwa tiyi limodzi. "Chitenje?" Akuti makatani a azungu ndi odula mtima, anagula chitenje kumsika. "Nanga Lachinayi? Munati muli pa shifiti, koma valavu ndinaisiya yotseka ndipo ndinaipeza yotsegula. Pabedi panagona munthu."

Apa anazyolika. "Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga. Ndimafuna kuyesa ngati munthu angagone muno osafa ndi kuzizira."

"Munthu wake uti?"

"Mai a Kayla, zonsezi ndi chifukwa cha amayi."

Achemwali, ndinaona mdima. Ndinaiwala za mtsikana, ndinaiwala kuti Edgar akumva. Ndinati, "Mayi anga? Mayi ondibala ine, odwala shuga, muwagoneke kuseri kwa galaja ngati mbuzi? Ku Dedza anakulandirani ndi nkhuku, inu muwalandire ndi khola la matayala? Ngati fulati yakuchepera, tulukani ndinu!"

"Ndi zimenezo," anatero motsitsa. "Wotuluka ndine."

Anakhala pansi pomwepo, atatsamira khoma la chimbudzi, n'kuyamba kundifunsa ngati ndikukumbukira ulendo wathu womaliza, pamene tinafikira kwanu ku Area 25 ndipo Amayi anabwera kudzationa. Inunso kumbukirani, achemwali. Nyumba yanu chimbudzi n'chimodzi, cham'kati, chitseko chake choyang'ana pabalaza. Mukukumbuka kuti Amayi anadwala mutu ndi chizungulire, ife n'kumati ndi malungo, kuchipatala n'kutiuza kuti m'thupi mulibe madzi? A Felton akuti iwo anaona zimene ife ana awo sitinaone. Tiyi wa Amayi ankazizira m'kapu osakhudzidwa. Madzi ankakana. Ankadikira mkamwini achoke kaye pabalaza, ndipo akakhalitsa, Amayi ankazemba kupita kuchimbudzi chokumba cha aneba.

"Kuno aneba ake ndi ati?" anandifunsa. "Tili pamwamba, m'fulati. Chimbudzi chimodzi, khoma ngati pepala, ukagejemula nyumba yonse imamva. Amayi aja sangalowe m'menemo ine ndili pampando. Sadzanena kanthu, adzangosiya kumwa madzi. Ndi shuga ameneyu, miyezi yonseyo, tidzawabweza kumudzi m'bokosi. Inenso, mai a Kayla, ndituluke m'menemo n'kukumana ndi apongozi pakhomo? Kwathu ku Dowa tikaonana panjira timapatukirana kutchire. London yandisintha zambiri, koma izi zakana."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuze. Anati ankadziwa kuti ndikana chifukwa cha chifuwa chawo chija chimene chimawavuta kukazizira, ndiponso Kayla akanawaseka kuti adadi ndi achikale. Komanso, akuti, pakamwa pawo sipakanatha kutchula apongozi ndi chimbudzi m'mawu amodzi. Ankafuna amalize kaye zonse, valavu isiye kudontha, pansi paume, kuti podzandionetsa ndisapeze chokanira.

Ndinagwada pambali pawo n'kuwagwirira tochi. Anamasula female uja, anakulunga katepi koyera kambirimbiri, anamanganso ndi sipanala. Titatsegula madzi tinadikira, tonse maso ali pakachitsulo. Sipanagwe dontho. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana wakhoza mayeso.

Musaganize kuti nkhani yatha bwino, chifukwa mtima wanga sunakhazikike. Ndayesa kuwaletsa. Ndawauza kuti Disembala wa kuno si wa masewera, kuti tikhoza kuuza Amayi kuti kuno ndi kwa azungu, miyambo ina timaipumitsa. Anangondifunsa kuti, "Amayi ako ukuwadziwa, angamve zimenezo?" Ndipo ndikudziwa kuti sangamve. Ndiye tagwirizana kuti masana azibwera kudzapereka moni ndi kudya, atakhala kukhitchini monga mwa ulemu wake, kenaka azipita. Amayi tidzawauza kuti kampani yawapatsa mabasi a kutali, akugona kufupi ndi ntchito.

Pempho langa ndi limeneli, achemwali: za kalavani Amayi asamve, ngakhale kwa alamu kapena kwa ana. Akadziwa kuti mkamwini akugona panja pozizira chifukwa cha iwo, adzakwera ndege yobwerera tsiku lomwelo, mwana wa Kayla osamuona. Ndipo mukapeza wobwera kuno, munditumizireko mankhwala aja opaka pachifuwa amene Amayi amawakhulupirira. Muziti ndi a ine.

Kiyi wanga uja sindinataye, ndipo sindinawauze kuti ndili naye. Mwamuna ndi mwamuna, ndipo Edgar sindikumukhulupirirabe. Ndizipitako mwadzidzidzi kukaona ngati valavu yapingasa kapena yagona. Ndikapeza kuti kulibe wina, basi, ndizikagonako ndine masiku amene Kayla ali ndi agogo ake, chifukwa hita ija ndaiona, siingafunditse munthu mmodzi yekha.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti mnzawo tsopano ndi pulambala. Moni kwa mwana wanu Lumbani ndi azing'ono ake. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Muwauze kuti chipinda chawo chakonzedwa, majuzi tawagulira, ndipo mkamwini wawo akupereka moni atagwada. Muwauzenso kuti akadzafika kuno azidzamwa madzi ambiri, tiyi ngakhale makapu angati, nthawi iliyonse imene afuna. M'nyumba mudzakhala akazi okhaokha.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,

Ivy